MUNTHU ALI PA KAMA: ZA KUPHUNZITSA ATSOGOLERI A ZIPATALA

Pa 6 February 2013 loya wina wa ku England, Robert Francis, adapereka ku boma lipoti lalikulu lofotokoza zimene zidagwera odwala pa chipatala cha mumzinda wa Stafford kuyambira chaka cha 2005 mpaka 2009. Lipotilo lidadzaza mabuku atatu, ndipo lidatha ndi malangizo 290. Komabe munthu akawerenga maumboni amene Francis adamva kwa odwala ndi abale ao, sapezamo nkhani zozama za sayansi ai. Apezamo nkhalamba zosiyidwa nthawi yaitali m'zofunda zonyowa ndi mkodzo, chakudya choikidwa patali pamene wodwala sangathe kufikira, anthu ouma kukhosi ndi ludzu, ndiponso belu loitanira namwino lolira popanda woyankha. Zonsezi zidachitika m'dziko lolemera, m'chipatala chokhala ndi magetsi, mankhwala ndi madokotala ophunzira bwino.

Tsono funso limene tifuna kulisinkhasinkha ndi ili: chikho cha madzi chikakhala patali ndi dzanja la wodwala, kodi mlandu ngwa yani? Ambiri aloza namwino amene adali m'wodi tsiku limenelo, ndipo nthawi zina salakwa. Koma tiona kuti gawo lalikulu la mlanduwo ligwera anthu amene mwina sadapondemo m'wodi imeneyo, iwo amene agawa ndalama, alemba antchito, nasankha zinthu zoyenera kuwerengedwa. Ngati zili choncho, kuphunzitsa anamwino okha kukoma mtima kuli ngati kuthirira masamba a mtengo mizu ili pouma. Atsogoleri omwe ayenera kuphunzitsidwa, ndipo nkhani ino ifotokoza zimene maphunziro otere ayenera kugwira.

Kumene ganizoli lidachokera

Madokotala ndi anamwino a masiku ano ali ndi mau amene awatchula kawirikawiri, amene m'Chichewa tingawamasulire kuti chisamaliro choyambira pa munthu. Ganizo lake n'lakuti wobwera ku chipatala asaonedwe ngati nthenda yomera miyendo, koma amvedwe, afotokozeredwe za thupi lake m'mau amene iye angamve, ndipo akhale nao pamene ena akonza za chithandizo chake. M'chaka cha 2016 maiko a m'bungwe la World Health Organization adagwirizana pa msonkhano wao waukulu kuti ntchito zaumoyo zikonzedwe motsata ganizo limeneli. Koma ganizolo n'lakale kuposa msonkhanowo, ndipo mizu yake ili m'munda umene ife ansembe tiudziwa bwino.

Aseminale amene apyola kale m'kalasi ya filosofi akumbukira kuti mau a Chilatini akuti persona poyamba ankatanthauza chigoba chimene ochita sewero ankavala kumaso. Mikangano ya Eklezia ya m'zaka mazana oyamba, yokhudza Utatu Woyera ndi Khristu, ndiyo idawalemeretsa mauwa, mpaka Boethius, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 500, adamanga tanthauzo lao pa mizati iwiri, kukhala payekha kosagawika ndi chibadwa cha nzeru. Tizindikire bwino kuti iye adanena za chibadwa, sadanene za kugwiritsa ntchito nzeruzo. Wokomoka, khanda la tsiku limodzi, ndi nkhalamba yosazindikiranso ana ake, onsewa chibadwa chao sichidachoke. Komatu chipatala chili ndi chiyeso chakechake, chomalemekeza wodwala molingana ndi mmene iye angathere kudzilankhulira. Ngakhale dzina limene Angerezi amtcha nalo wodwala lichokera ku mau a Chilatini akuti patiens, ndiye kuti wopirira, wongochitiridwa zinthu. Amvula zovala zake, ampatsa nambala ya kama, amuuza nthawi yodya ndi yogona. Ndipo pakapita masiku atatu, mphunzitsi wamkulu kapena nyakwawa wasanduka "uja wa chiwindi wa pa kama 14".

Dokotala wa ku Geneva, Paul Tournier, adaiona kale ngozi imeneyi, ndipo m'chaka cha 1940 adatulutsa buku lotchedwa Médecine de la personne, lolimbikitsa madokotala kudziwa moyo wa wodwala pamodzi ndi nthenda yake. Koma amene atifikitsa pa nkhani ya utsogoleri ndi Tom Kitwood wa ku yunivesite ya Bradford, amene buku lake Dementia Reconsidered lidatuluka m'chaka cha 1997. Kitwood ndi anzake adakonza njira yokhala maola ambiri pakati pa okalamba odwala dementia, nthenda yofooketsa ubongo, n'kumalemba mphindi zisanu zilizonse zimene zikuchitikira wodwala. Adaona kuti kufooka kwa odwalawo sikuchokera mu ubongo mokha. Mbali ina kuchokera m'machitidwe a owasamala, monga kuwanamiza kuti amvere, kuwalankhula ngati ana, kuwafulumiza kuposa mphamvu zao, ndi kukambirana za iwo pamaso pao ngati palibe munthu. Potsata nzeru za Martin Buber, Kitwood adafika ponena kuti umunthu ndi ulemu umene ena atipatsa. Pamenepa ife sitingamtsate mpaka kumapeto, pakuti chimene anthu apereka angathenso kuchilanda. Koma kuti umunthu umene munthu ali nao kale uphuka kapena ufota malinga ndi omzungulira, makolo athu adakudziwa pamene ankati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu.

Chimene tiyenera kusunga kwa Kitwood n'chakuti iye sadawaone osamalawo ngati anthu oipa mtima. Ambiri adali achifundo, ongotengera mwambo umene adaupeza pa malopo. Ndipo adazindikira kuti mmene akuluakulu asungira antchito ao, ndi mmenenso antchitowo asungira odwala.

Zimene zidachitika ku Stafford

Chipatala cha Stafford chinkafunitsitsa kulandira kwa boma ufulu wodziyendetsa chokha, umene unkaperekedwa kwa zipatala zoonetsa kuti chuma chao chili bwino. Pofuna kufika pamenepo, atsogoleri ake adadziikira kuti m'chaka cha ndalama cha 2006 mpaka 2007 apulumutse mapaundi 10 miliyoni, ndipo malo a ntchito oposa 150 adafafanizidwa, m'chipatala chimene anamwino adali operewera kale. Ufuluwo adaulandira mu February 2008. Pa mapepala zonse zidali bwino.

Padalinso muyeso wa boma wakuti wobwera ku chipinda cha angozi athandizidwe asanathe maola 4. Muyeso wabwino ndithu, pakuti udaikidwa kuti anthu asamagone pa benchi usiku wonse. Koma ku Stafford wantchito adasanduka mbuye. Odwala ankasamutsidwira m'chipinda china chopanda owayang'anira okwanira, kuti koloko ileke kuwawerengera nthawi. Makalaliki olandira anthu pakhomo, osaphunzira zachipatala, nthawi zina ndiwo ankaweruza kuti wodwala kwambiri ndani. Ndipo namwino wina, Helene Donnelly, adachitira umboni kuti anamwino ankaumirizidwa kulemba nthawi zabodza, ndi kuti wotsutsa ankaopsezedwa. Pamene ziwerengero zidaonetsa m'chaka cha 2007 kuti pa chipatalapo pakufa anthu ambiri kuposa mmene zikadayenera kukhalira, atsogoleri adayankha kuti cholakwa chili m'kalembedwe ka marekodi. Madandaulo a odwala ankafika ndithu, koma ankathera m'maofesi a m'munsi. Bodi yoyendetsa chipatala siinkamva zimene zidali m'katimo, pakuti misonkhano yake inkadzaza ndi nkhani za ndalama ndi za miyeso ya boma.

Amene adalimbikira kuti zonsezi ziululike adali mai wina wogulitsa tiyi ndi zakudya mumzindamo, Julie Bailey, amene mai ake okalamba adamwalira m'chipatalamo m'chaka cha 2007. Iye adakhala milungu 8 pambali pa mai akewo chifukwa choopa kuwasiya okha, ndipo adaona ndi maso ake zochitikira odwala ena amene adalibe wowadikirira. Adasonkhanitsa mabanja ena oferedwa, nayambitsa gulu lotchedwa Cure the NHS. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Lipoti la oyendera zipatala lidatuluka mu March 2009, ndipo lidatsimikiza zimene mabanjawo ankanena. Za chiwerengero cha amene adafa chifukwa cha kusasamala anthu adatsutsana kwambiri, ndipo Francis mwini wake adakana kutchula nambala, poona kuti ziwerengero zotere sizingaweruze za imfa ya munthu aliyense payekha.

Nthenda ya maso

Kodi atsogoleri a ku Stafford adali anthu ofunira odwala zoipa? Iai. Nthenda yao idali ya maso, ndipo ndi nthenda imene isakasaka aliyense wokwera pa udindo. Namwino aona odwala khumi ndi maso ake. Matroni aona mawodi. Mkulu wa chipatala aona ziwerengero. Sizingachitike mwina, pakuti palibe munthu amene angayendetse chipatala cha odwala mazana angapo powayang'ana mmodzimmodzi. Chiwerengero chibadwa ndi ntchito ya nzeru imene afilosofi aitcha kupatula: nzeru itola pa zinthu zambiri mbali imodzi yofanana, nisiya zotsala. Kupatula pakokha si bodza. Bodza lilowa pamene taiwala kuti tidasiya kanthu. Aristotle, kuchiyambi kwa buku lake la Metaphysics, adakumbutsa kuti amene sing'anga achiritsa ndi munthu uyu, wa dzina lakelake, kotero kuti wodziwa malamulo onse a zachipatala, koma wosazindikira amene ali patsogolo pake, adzalephera kawirikawiri. Zimene adanena za sing'anga zikhudzanso woyendetsa chipatala, ndipo kwa iyeyu ngozi ikula, popeza ntchito yake siimkakamiza kukumana ndi wodwala tsiku ndi tsiku.

Motero kuphunzitsa mtsogoleri sikungathere pa kumuuza kuti odwala ndi anthu. Zimenezo adziwa kale, ndipo adzasaina mokondwa chikalata chilichonse chonena choncho. Chofunika ndi kumzoloweza machitidwe amene adzabweza maso ake kwa munthu mmodzimmodzi, ngakhale pa tsiku limene ndalama zavuta ndipo akuluakulu a boma akufuna mayankho. Akale ankaphunzitsa kuti ukoma ndi chizolowezi chopezeka pochita. Ndipo ife a m'seminale, amene tidziwa kuti kukhoza mayeso a teolojiya ya ubusa sikusandutsa munthu mbusa, sitiyenera kudabwa nazo.

Zimene adayesa ku England

Malangizo ena a Francis adalunjika pa zinthu zooneka zazing'ono. Adati namwino wamkulu woyang'anira wodi asatsekeredwe mu ofesi, ndiponso asawerengedwe m'gulu la ogwira shifiti kupatula pa nthawi ya mavuto, kuti azioneka m'wodi, azidziwa za wodwala aliyense, ndi kumaphunzitsa achinyamata pogwira nao ntchito. Adatinso wodwala aliyense akhale ndi namwino wodziwika dzina pa shifiti iliyonse, ndi kuti wofuna unamwino ayambe watumikira odwala ndi manja ake kwa miyezi yosachepera 3. Adapemphanso kuti oyendetsa zipatala akhale ndi sukulu yaoyao.

Bungwe la NHS Leadership Academy, limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 2012, lidatsekula m'chaka cha 2013 maphunziro a magawo angapo, lililonse lotchedwa dzina la munthu wotchuka pa mbiri ya zaumoyo. Gawo la Mary Seacole lidali la oyamba kumene utsogoleri. La Elizabeth Garrett Anderson, la apakati, linkatenga zaka ziwiri ndi kupereka digiri ya mayunivesite a Birmingham ndi Manchester. La Nye Bevan lidali la ofuna kukhala m'mabodi. Zinthu ziwiri m'maphunzirowa n'zoyenera kuzilemba pamtima. Odwala ndi abale ao adaitanidwa kukonza nao maphunzirowo, kotero kuti mtsogoleri ankaphunzira kwa anthu amene kale ankangowaona ngati nambala. Ndipo wophunzira sankasiya ntchito yake: zimene waphunzira ankayenera kuziyesa pa malo ake, n'kubwera kudzafotokozera anzake a m'kagulu kake zimene zasintha.

Lamulo nalo lidathandizako. Kuyambira November 2014 zipatala za boma ku England zidakakamizidwa kuuza wodwala kapena abale ake poyera pamene cholakwa chamvulaza, ndi kupepesa. Koma lamulo lotere lingagwire ntchito pokhapo mtsogoleri atakhala ndi luso limene ine ndiliyesa loyamba pa maluso onse a udindo wake, ndilo kulandira mbiri yoipa popanda kukwiyira wobwera nayo. Luso limeneli silibadwa ndi munthu. Mtima wathu ukamva dandaulo ufulumira kufuna chifukwa chosonyeza kuti wodandaulayo sadamvetse, monga adachitira a ku Stafford ndi marekodi ao. Namwino akaona kamodzi kokha mnzake akuvutika chifukwa choulula cholakwa, iye ndi wodi yonse aphunzira kukhala chete, ndipo kuyambira tsiku limenelo mtsogoleri ayendetsa chipatala chimene chili m'mapepala mokha.

Miyambo itatu ya ku Gothenburg

Kumva wodwala kukapanda kukhala ndi malo ake m'ndondomeko ya tsiku, kudzakhala chinthu choyamba kutayidwa ntchito ikachuluka. Pa mfundo imeneyi a ku Sweden atiphunzitsa zambiri. Pa yunivesite ya Gothenburg padakhazikitsidwa m'chaka cha 2010 likulu lofufuza za chisamaliro choyambira pa munthu, motsogozedwa ndi namwino wina wophunzira kwambiri, Inger Ekman. Iwo adatsamira pa filosofi ya Paul Ricoeur, amene adaona munthu ngati wokhoza: wokhoza kulankhula, kuchita, kusimba mbiri yake, ndi kuyankha pa zochita zake, ngakhale ali wofooka. Adazindikira kuti antchito ambiri avomereza ganizoli ndi mtima wonse, koma pakakhala kutanganidwa abwerera ku nthenda yokha. Nchifukwa chake adalisandutsa miyambo itatu. Poyamba wodwala asimbe mbiri yake m'mau akeake: mmene nthenda yasokonezera moyo wake, chimene aopa, chimene alakalaka kudzachitanso. Kenaka iye, abale ake ndi antchito apangane za chithandizo, aliyense ndi gawo lake. Potsiriza, mbiriyo ndi panganolo zilembedwe m'failo ya wodwala, pafupi ndi za magazi ndi za mankhwala. Mwambo wachitatuwu uoneka wouma, koma m'kuona kwanga ndiwo wanzeru kopambana, pakuti m'chipatala chinthu chosalembedwa chifa pa kutha kwa shifiti.

Njirayi adaiyesa pa chipatala cha Sahlgrenska kwa odwala nthenda ya kufooka kwa mtima, ndipo zotsatira zake zidasindikizidwa m'chaka cha 2012. Odwala amene adalandira chisamalirochi mokwanira adatuluka m'chipatala masiku awiri ndi theka msanga kuposa anzao, ndipo obwereranso sadachuluke. Koma nambala yofunika kwa ife ndi ina. Ngakhale m'mawodi osankhidwa ndi okonzekeretsedwa, amene adalandira njira yonse adali pafupifupi 6 mwa odwala 10 alionse. Otsalawo adalandira mbali chabe. Mpata umenewo sangautseke namwino wa usiku. Autseka mtsogoleri amene aika mphindi zomvera wodwala m'ndondomeko ya ntchito, amene asintha mapepala kuti akhale ndi malo olembapo mau a wodwala, amene poyendera wodi afunsa kuti: kodi mai awa akufuna chiyani, ndipo zalembedwa pati? Chimene mkulu afunsa sabata ndi sabata, ndicho ang'ono achiyesa chofunika.

Osamala nao asamalidwe

Tibwerere ku mfundo ya Kitwood ija. Kufufuza kwa Michael West ndi anzake, kochokera pa mayankho amene antchito a zipatala za boma ku England apereka chaka ndi chaka, kudaonetsa kuti kumene antchito amva kuti alemekezedwa ndipo mau ao amveka, odwala akhutira kwambiri ndipo imfa zichepa. Palibe chodabwitsa. Munthu amene tsiku lililonse akhudza mabala, imfa ndi misozi, ngati alibe kotula mtima wake, adziteteza poumitsa mtimawo, ndipo kuuma kumeneko wodwala akumva ngati nkhanza.

Njira imodzi yothandiza pamenepa idachokera ku Boston. Loya wina, Kenneth Schwartz, adamwalira ndi khansa ya m'mapapo m'chaka cha 1995 ali ndi zaka 40, ndipo asanamwalire adakhazikitsa bungwe lolimbikitsa chifundo pakati pa odwala ndi owasamala. Kuyambira 1997 pa chipatala cha Massachusetts General, ndiponso kuyambira 2009 ku England, padayamba misonkhano yotchedwa dzina lake. Kamodzi pamwezi, kwa ora limodzi, antchito a mitundu yonse, kuyambira dokotala wamkulu mpaka wonyamula odwala, akhala pamodzi. Atatu kapena anai asimba nkhani ya wodwala amene sangathe kumuiwala, ndipo otsala ayankha ndi zao. Lamulo la msonkhano n'lakuti si bwalo lofunira wolakwa kapena lokonzera mavuto. Kufufuza kotsogozedwa ndi Jill Maben, kosindikizidwa m'chaka cha 2018, kudapeza kuti pakati pa obwera kawirikawiri chiwerengero cha ovutika kwambiri mumtima chidatsika ndi theka. Gawo la mtsogoleri pamenepa n'lomasula anthu ku ntchito kwa ora limenelo, ndi kubwera iye mwini, kukhala pa mpando wamba, ndi kusunga pakamwa pake.

Malire a maphunziro

Tisadzinyenge kuti maphunziro adathetsa vuto. Mu March 2022 mzamba wina, Donna Ockenden, adatulutsa lipoti la zochitika m'zipinda za amai oyembekezera pa zipatala za Shrewsbury ndi Telford, mtunda wosatalika kuchokera ku Stafford, atafufuza nkhani za mabanja 1,486. Zambiri mwa nkhanizo zidachitika pakati pa 2000 ndi 2019, ndiye kuti zina zidachitika Francis atalankhula kale. Nyimbo yake idali yomweyo: amai osamvedwa, ena oimbidwa mlandu pa tsoka lao lomwe, antchito oopa kulankhula, ndiponso makolo oferedwa ndiwo adakakamiza kuti pakhale kufufuza.

Zifukwa zake ndiona ziwiri. Munthu mmodzi akapita kukaphunzira, nabwerera pa malo amene miyeso, mantha ndi mabwana sizidasinthe, malowo ndiwo amsintha iye. Motero kuli bwino kuphunzitsa pamodzi onse oyendetsa chipatala chimodzi kusiyana ndi kutumiza mmodzi kutali. Chachiwiri n'chakuti chifundo chifuna manja. Linda Aiken ndi anzake adafufuza zipatala 300 za m'maiko 9 a ku Ulaya, ndipo m'chaka cha 2014 adaonetsa kuti wodwala mmodzi aliyense woonjezedwa pa mtolo wa namwino ankakweza ndi 7 peresenti ngozi yakuti wochitidwa opaleshoni amwalire pasanathe masiku 30. Mtsogoleri wolalikira za umunthu wa odwala kwinaku akuchepetsa anamwino mosalingalira, asenzetsa anthu ake katundu amene iye samkhudza. Maphunziro oona ayenera kumpatsa mphamvu yopita kwa omkulira ndi kunena kuti: ndi anthu awa sitingathe kusamala odwala awa.

Kwathu kuno

Nkhaniyi itikhudza ife molunjika, chifukwa m'Malawi muno pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo cha zaumoyo liperekedwa ndi zipatala za mipingo, zogwirizana m'bungwe la CHAM limene lidayamba m'chaka cha 1966, ndipo anamwino ambiri a dziko lino aphunzira m'sukulu za zipatala zimenezi. Ambiri mwa inu aseminale mudzapezeka tsiku lina muli m'bodi ya chipatala cha misheni, mwina pa mpando weniweni wa tcheyamani, mutangophunzira malamulo a Eklezia ndi mbiri ya makonsili. Pa tsiku limenelo mudzakhala atsogoleri a zaumoyo, mufune musafune, ndipo pa tebulo panu padzaikidwa mapepala a ndalama, a mafuta a ambulansi ndi a ngongole za mankhwala. Umphawi wathu ndi weniweni, ndipo sitingayerekeze zipatala zathu ndi za ku Sweden. Koma miyambo itatu ya ku Gothenburg siifuna makina. Ifuna nthawi, cholembera, ndi mkulu woifunsa.

Tilinso ndi chuma chimene Julie Bailey adachita kuchipereka yekha mokakamizika. M'zipatala zathu pafupifupi wodwala aliyense ali ndi mbale womdikirira, amene amphikira, amsambitsa, nagona pansi pambali pa kama. Magadiyani amenewa adziwa mbiri ya wodwala kuposa failo iliyonse, ndipo aona zonse zochitika m'wodi usiku. Komabe kawirikawiri atulutsidwa panja dokotala akamalowa, ndipo mau ao safika kwa oyendetsa chipatala. Bodi imene ingayambe msonkhano uliwonse ndi kumva dandaulo limodzi lathunthu, m'mau ndi m'chinenero cha mwini wake, isanatsekule buku la ndalama, idzakhala itayamba kudziphunzitsa yokha.

Pali vuto limodzi limene ndi lathu ife ansembe makamaka. Anthu athu ndi aulemu, ndipo wodwala wogona m'chipatala cha misheni adziyesa mlendo pakhomo pa eni ake. Wansembe akaima pambali pa kama nafunsa kuti zikuyenda bwanji, namwino ali chiimire pomwepo, yankho lidzakhala lakuti zonse zili bwino, Bambo. Yankho limenelo n'la ulemu, koma si umboni. Wofuna kumva zoona atume munthu wosavala kolala kapena yunifomu, ndipo munthuyo akafunse wodwala atatuluka kale, ali kwao, kumene saopanso kuti mawa jekeseni adzambaya ndi yemwe wamdandaulayo. Miphakati yathu iyendera odwala m'midzi sabata ndi sabata, ndipo imva nkhani zotere zambiri. Chimene chisoweka ndi njira yakuti zimene amai a mumphakati amva pakhonde zikafike, zolembedwa ndi zopanda maina, pa tebulo la bodi.